Bokosi lachiwiri lochokera ku Joni

Bokosi loyamba lochokera ku Joni analinyamula amuna asanu ndi mmodzi, ndipo pokwera chitunda cha kumanda anasinthana kawiri. Munali mwana wanga Maliko. Bokosi lachiwiri ndinachita kukalitenga ku Blantyre patatha miyezi isanu, ndipo ndi ulendo umenewo ndikufuna kuufotokoza.

Ine ndine Nankhoma, ndimakhala kumtunda kwa Matandani. Sukulu sindinapite nayo patali. Bambo ake a Maliko anatisiya kale, mwanayo asanamere ndevu. Anandisiyira njinga yakuda, ija ya chitsulo cholemera, ndipo ndi imene inatilera. Ndinkamangapo tomato ndi mbatata ya kachewere kupita nazo pa boma. Koma dzimbiri linaidya chamkati, pansi paja pokumana mapaipi. Anaiwotcherera katatu. Kachinayi inathyoka ndili pamtsetse, tomato yense mbwee, ine bondo kusupuka. Kuyambira pamenepo ndinkasenza pamutu, ndipo khosi ndi mawondo zinayamba kukana.

Maliko ankagwira ntchito pamalo okonzera njinga ku Joniko. Tsiku lina pa foni anati, "Amayi, musagule njinga. Ndikukumangirani yanu. Abwana andilola kusankha felemu yakale, zinazo ndikutolera pang'onopang'ono."

Ndinaseka. "Kodi njinga amamanga ngati nkhokwe?"

"Mudzaona," anatero.

Anadwala masiku anayi basi. Za njinga sindinaziganizenso, mpaka mnzake amene ankakhala naye nyumba imodzi, a Dalitso, anaimba foni kuti abwera ndi katundu wa malemu, njinga ili momwemo, ndipo ali ku Blantyre masiku awiri okha.

Ndinakauza achimwene anga a Nkhoma, eni mbumba. Anandimvetsera akusenda nzimbe.

"Njinga za ku Joni ndi zamasewera," anatero. "Tikaione. Ikakhala yosathandiza tikasinthitse ndi yakuda ya kaliyala. Tomato wako wa kudimba akupsa masabata atatu akubwerawa. Chisoni sichisenza tomato, Nankhoma."

Ananena zoona.

Tinanyamuka kukungocha. Mpaka pa boma tinakwera njinga yamoto, atatu ndi woyendetsa, ine pakati ngati mtolo. Pa boma tinapeza galimoto ya matola itaima pansi pa mtengo. Dalaivala anati, "Kwerani amayi, tikunyamuka pompano." Pompano wakeyo anatha dzuwa litafika pa liwombo. Ankayatsa injini, kuyenda pang'ono, kubwereranso pamtengo pomwe paja. Mthunzi unasuntha, ife tinatsala padzuwa.

Pafupi ndi ine panakhala mayi wina wonenepa wa madengu a nthochi, a Nasibeko. Anayang'ana mpango wanga wakuda nati, "Pepani, ndi abambo?"

"Mwana."

Anathyola nthochi ziwiri n'kundiika m'manja. Sanafunsenso. M'malo mwake anatembenukira dalaivala.

"Iwe! Nthochizi ndakwera nazo zosapsa, zikafika ku Blantyre zili mowa!"

"Mukagulitse mowawo, mayi, ndiye uli ndi phindu," anayankha dalaivala, galimoto yonse kuseka.

Msewu wotsika ku Neno aliyense amaudziwa. Fumbi linatilowa mpaka m'mano. Tisanafike pa tala tayala linaphulika, ndipo jeke inakana kukweza, kotero tonse tinatsika, madengu pansi, amuna n'kumatola miyala. Achimwene, amene sanagwirepo sipanala chibadwire, ndi amene ankalangiza kwambiri.

Pa tala tinakwera minibasi. Ine ku Blantyre ndinali nditapitako kamodzi kokha, ndili mtsikana. Kunsi kuja kunkatentha ngati pamoto, milambe ili njo opanda tsamba. Pa Zalewa tinaima nthawi yaitali. Ndinaona Shire pawindo, madzi ochuluka chonchija akungopita mwezi umene kwathu zitsime zauma. Ndinaganiza kuti Maliko anawoloka pano kawiri, popita atakhala pampando, pobwera atagona. Kenako Mdeka, Lirangwe, Lunzu, paliponse kutsitsa ndi kukweza, kondakitala kumatiuza kuti tifinyane ngati tilibe mafupa. A Nasibeko anatsika pa Lunzu n'kundiuza kuti, "Mulimbe, achemwali." Tinafika m'tauni dzuwa litapendeka.

A Dalitso anatidikira pa bwalo lina lotchingidwa ndi malata, pamene amatsitsira katundu wa ku Joni. Panali mafiriji, matilesi, zikwama zamizeremizere mulu mpaka pamwamba. Anatipatsa chikwama cha zovala za Maliko, kenako anatilozera chikatoni chachitali chotsamira khoma. Ine kuwerenga ndimachita kugwiragwira, koma dzanja la mwana wanga ndimalidziwa. Analemba yekha ndi zilembo zikuluzikulu: AMAYI NANKHOMA, NENO.

Achimwene anavula jekete, analavulira m'manja, anatambasula miyendo monga amachitira ponyamula thumba la feteleza, nakoka ndi mphamvu zonse. Bokosi linauluka m'mwamba, iwo dzandidzandi chammbuyo mpaka kukakhala pa matilesi a eni ake.

"Atibera!" anakuwa. "Mulibe kanthu muno! Mwachotsa njinga panjira, mwatibweretsera chikatoni!"

Anthu anayamba kusonkhana. A Dalitso anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi.

"Malume, Maliko ananena kuti mudzatero. Tsegulani."

Anang'amba ndi mpeni. Inalimo. Matayala awiri onenepa anali pambali, ndipo pakati panali felemu. Inalibe penti ngakhale pang'ono. Mtundu wake unali ngati phulusa, kapena nthenga za njiwa, ndipo polumikiza mapaipi panali timizere tosalala ngati wina wasoka ndi singano. A Dalitso anaika matayala ndi chishalo, n'kundiuza kuti ndiinyamule. Ndinaigwira ndi manja awiri. Kenako ndinachotsa dzanja limodzi. Inakhalabe m'mwamba.

Ndinangoti kukamwa yasa. Chibadwire ndinkadziwa kuti chitsulo ndi kulemera. Khasu limalemera, mpoto wachitsulo umalemera. Ichi chinali cholimba ndikachigogoda, koma m'dzanja ngati bango.

"Chitsulo chake ndi chachilendo, dzina landithawa," anatero a Dalitso. "Maliko ankaipukuta Lamulungu lililonse. Chatsala ndi kaliyala basi. Anati adzaika yekha akadzabwera pa Khirisimasi."

"Njinga yopanda kaliyala ndi mkazi wopanda mutu," anatero achimwene. "Asenzera pati?"

Tinagona ku Chirimba kwa mwana wa achemwali athu. M'mawa achimwene anati titsike pa Lunzu, akudziwako munthu wowotcherera, atiikire kaliyala tione ngati ingapirire.

Kondakitala wa minibasi anafuna kuti njinga ilipire ngati munthu. Achimwene anati, "Munthu wake uti wopepuka chonchi? Tainyamula." Anainyamula ndi zala ziwiri, anayang'ana ife, anayang'ana njinga, naikweza ulere.

Wowotcherera uja anali bambo wachikulire, a Mwale, wa imvi ndi mabala a moto m'mikono. Malo awo anali kuseri kwa msika, pakhonde la sitolo yogulitsa njinga. Anaizungulira njinga yanga kawiri. Anatenga maginito a m'sipika ya wailesi n'kuwaika pa felemu. Maginito anagwa pansi. Anawatola, kuikanso, anagwanso.

"Ndi aluminiyamu uyu, wa mapoto," anatero munthu wina amene ankadikira wilibala yake.

A Mwale anagogoda ndi sipanala, khutu pafupi. Anapukusa mutu.

"Musachedwe, bambo," anatero achimwene. "Ife tikupita kutali. Ingomatani kaliyala apa ndi apa."

"Ndipale kaye pang'ono, ndione," anatero a Mwale.

Anayatsa makina awo opalira zitsulo n'kukhudza kumbuyo kwa felemu, pafupi ndi tayala. Anangokhudza, osakanikiza.

Zimene ndinaona sindidzaiwala. Panathetheka moto woyera. Osati wofiira ngati wa makala, osati wachikasu. Woyera mbee, wothobwa m'maso, kuwala kuposa dzuwa la m'mawa umenewo, ndipo mbaliwali zake zinkauluka patali n'kumaphulika kumapeto ngati maluwa. Wa wilibala analumpha. Amayi ogulitsa mandasi tsidya lina anaimirira. Ine ndinagwira pamtima.

A Mwale anazimitsa makina msangamsanga. Anatola kachitsulo pansi, anayatsanso, nakapala kuti tione. Moto wake unali wofiirira, uja timaudziwa tonse. Anazimitsa, anavula magalasi awo akuda, nakhala pa chitini.

"Mayi, njingayi mwaitenga kuti?"

Ndinawauza.

"Ichi ndinachionapo kamodzi, ndili mnyamata, pamene ndinkagwira ntchito kunja," anatero. "Amachitcha titaniyamu. Amapangira ndege. Madokotala amaika m'thupi mwa munthu fupa likathyoka, chifukwa sichichita dzimbiri. Mukhoza kuisiya pamvula chaka chonse, mudzangopukuta matope. Penti sanaiwale ayi, siifuna penti."

"Ndiye matani kaliyalayo," anatero achimwene.

"Sindingathe. Chitsulo ichi chikatentha sichifuna mphepo. Amachiwotcherera ndi makina ena, ophimba motowo ndi mpweya wa m'botolo. Ndikayesa ndi ndodo zangazi chiuma, chidzasweka ngati mbale yadothi. Ndikanapanda kupala kaye, bwenzi pano ndakuwonongerani." Anapukuta ndi chala pamene anapala paja. Panatsala kachipsera kowala ngati chikhadabo. "Pepani, mayi."

"Nanga ikathyoka?" ndinafunsa.

"Kuthyoka siithyoka wamba. Koma ikadzathyoka, pa Lunzu pano palibe woilumikiza. Ku Neno ndiye musanene. Mwina ku Joni komweko."

Mawu amenewo anandilasa. Chinthu choti chikadwala, thandizo lake lili ku Joni, ine ndili ku Matandani. Ndinali nditaziona kale zoterozo.

Nthawi yonseyi mwini sitolo ya njinga anali ataima pakhomo, bambo wa malaya oyera ndi mafoni awiri. Anabwera mwaulemu.

"Amayi, tithandizane. Njinga iyi si ya kumudzi. Ine ndili ndi anthu m'tauni okonda zoterezi. Inu tengani iyi." Analowa n'kutulutsa njinga yakuda yatsopano, mapulasitiki akadali pachishalo. Kaliyala yotakata, masipoko onenepa, belu, pampu. Inafanana ndi ya bambo ake a Maliko tsiku limene anabwera nayo. "Ndiwonjezapo matayala awiri ndi machubu. Mungosiya yanuyo."

Nkhope ya achimwene inawala.

"Nankhoma, Mulungu akupatsenso chiyani? Iyi ndiye njinga. Matumba awiri a kachewere phee. Ikathyoka, pa boma amawotcherera, pa Lisungwi amawotcherera, paliponse pali munthu wa magalasi akuda. Inayi ndi yokongola, inde, koma ndi mlendo. Mlendo sasenza katundu."

Ndinatembenukira a Mwale. "Bambo, mukanakhala inu?"

Anaseka. "Musandifunse ine, mayi. Ine ndimadya chifukwa chitsulo chimathyoka." Kenako analeka kuseka. "Koma ndikuuzeni zoona. Yakudayi idzanyamula kawiri kuposa yanuyo. Idzachita dzimbiri, mudzabwera nayo kwa anthu ngati ine, tidzailumikiza, idzayendanso. Yanuyo kaliyala ndikhoza kuipangira, yomanga ndi mabawuti, moto osaikhudza. Koma musadzaisenzetse ngati bulu. Dengu limodzi, basi."

Dengu limodzi. Ndiye kuti tomato amene ndikanapita naye ulendo umodzi ndizipita naye kawiri. Mtima wanga unayamba kupendekera kwa yakuda ija. Ndinaigwira mahandulo. Inali yozizira, yodziwika, ngati dzanja la munthu wakwathu.

"Ndiione kaye kulemera," ndinatero.

Khonde la sitoloyo linali ndi masitepe atatu. Ndinaitsitsa pansi, kenako ndinayesa kuikweza. Tayala lakutsogolo linakwera. Lakumbuyo linakana. Ndinakoka, bondo lija linalira, njinga inayamba kundigwera. Achimwene ndi mwini sitolo anathamanga kudzaigwira.

"Zazing'ono izo, muzolowera," anatero mwini sitolo.

Koma ine ndinali nditaima, ndikupuma, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali nditachiiwala. Pakati pa mudzi wathu ndi msewu pali mtsinje wopanda mlatho. Chilimwe timadumpha pamiyala. Mvula ikagwa madzi amafika m'chiuno, ndipo njinga amachita kuinyamula paphewa. Zaka zonse zija ndinkayenda ndi njinga yakuda, sindinaiwolotsepo ndekha. Anali Maliko. Tsiku la msika ankandiperekeza mpaka pamtsinje, kuwolotsa dengu, kubwerera, kuwolotsa njinga, ndiye n'kumathamangira ku sukulu kabudula ali chonyowa. Madzulo ndinkamupeza atakhala pamwala tsidya lino akundidikira. Atapita ku Joni, miyezi ya mvula njinga inkangokhala m'nyumba.

Iye sanaiwale. Pamalo ake antchito panali njinga zamitundumitundu. Anasankha iyi.

"Achimwene," ndinatero, "mvula ikagwa, pamtsinje paja adzandinyamulira ndani?"

"Ine ndilipo."

"Inu muli kuchikamwini, mitunda iwiri. Ndizidzakuitanani m'mawa uliwonse wa msika?"

Achimwene anayesanso.

"Anyamata a m'mudzi..."

"Ali ndi amayi awo."

Mwini sitolo anawonjezera nyale ndi loko. Ndinamuthokoza, ndinati ayi. Anawonjezera zina, ndinati ayi. Achimwene anapita kukaima patali, msana kwa ine, akuyang'ana msewu.

A Mwale anagwira ntchito mpaka masana. Kaliyala anaipanga ya chitsulo wamba, anaiwotcherera payokha patali ndi njinga, moto wake wofiira uja. Itazizira anadula chubu chakale timizeremizere, anakulunga felemu paliponse pokhudza chitsulo, kenako anamanga ndi tizitsulo topinda ndi mabawuti. Ankagwira pang'onopang'ono ngati akumanga bala. Anthu ankabwera kudzaona njinga yokana maginito, aliyense kufuna kuinyamula. Wina anapempha kuti apalenso aone moto woyera uja. A Mwale anamuthamangitsa.

"Kaliyalayi idzachita dzimbiri," anandiuza pomaliza. "Ikadzatha mudzapangitse ina. Njingayo idzakhala ikudikira."

Kuchokera pa Lunzu mpaka pa Zalewa achimwene sanandiyankhule. Pa Zalewa anagula chimanga chootcha chimodzi, anachithyola pakati, nandipatsa mbali yaikulu. Kumapiri a kwathu kunali kutachita mdima wa mitambo.

Pamene tinatsika pa tala panalibe galimoto. Tinadikira pansi pa mtengo wa mango ndi anthu ena, mphepo ikununkha dothi lonyowa. Kenako inabwera lole ya simenti, tinakwera pamwamba, njinga ndinaigoneka pamiyendo panga. Mvula yoyamba inali itagwa kale kumtunda. Lole inaterera, inalira, inakwera, mpaka tinafika pa boma titachita matope ngati nkhumba. Tinagona kwa anansi. M'mawa mwake a njinga zamoto anakana kupitirira Matandani, anati njira yawonongeka. Tinayenda pansi, achimwene atasenza chikwama cha zovala za Maliko, ine ndikukankha njinga ndi dzanja limodzi.

Mtsinje tinaumva tisanauone. Miyala yodumphira inali itamira, madzi ofiira akuthamanga ndi zinyalala. Achimwene anatula chikwama nayamba kupinda buluku.

"Bweretsa kuno," anatero.

"Ayi, achimwene. Inu tengani chikwama."

Ndinamanga chitenje m'chiuno molimba. Ndinapinda mpango kukhala nkhata, ndinanyamula njinga n'kuigoneka pamutu, dzanja limodzi pa felemu. Ndinalowa. Madzi anali ozizira, anafika m'mawondo, kenako m'ntchafu, akundikoka. Ndinaponda pang'onopang'ono, phazi kufufuza mwala. Pakati penipeni ndinaima kuti ndipume, ndipo ndi pamene ndinazindikira kulemera kwake. Ndinali nditakunyamulapo kale. Kunali kulemera kwa mwana amene wangoyamba kuyenda, uja amati akatopa amakweza manja kuti umunyamule.

Ndinawoloka. Ndinaitsitsa pamwala uja ankakhalapo Maliko, ndinapukuta matope ndi m'mphepete mwa chitenje. Phulusa lija linawala ngati sinakhudze madzi.

Achimwene anatuluka m'madzi akuwefuka, chikwama pamutu. Anandiyang'ana ine, anayang'ana njinga.

"Komabe dengu limodzi," anatero.

"Limodzi," ndinavomera. "Ndidzapita kawiri."

Njira ya kumudzi imadutsa m'munsi mwa chitunda cha kumanda. Kumanda sitilowa wamba, kotero ndinaima pamphambano pomwepo, pamene kanjira kamapatukira m'mitengo. Achimwene anapitirira pang'ono n'kuima, osacheuka.

"Maliko," ndinatero, "yafika. Kaliyala taika."

Kenako ndinakwera, ndinapalasa kupita kudimba kukaona tomato.